Sefa Imene Langford Anaboola ndi Minga

Langford Chulu anayendetsa galimoto ya kampu ya magemu, alonda a nyama aja, kwa zaka fifitini. Anayamba nthawi imene tchire lakunoli lisanakhale paki. Anali munthu wouma pakamwa. Akagwira chiwongolero ankapendeketsa mutu kumvetsera injini, ndipo ukamuyankhulitsa unkangomva kuti "Mm."

Petulo ankabwera m'madiramu kuchokera kumtunda. Pansi pa diramu pamakhala dzimbiri, mchenga ndi madzi, zimenezo ndani sadziwa? Koma ikafika Okutobala, diramu ina siibweranso, ndiye mumapendeketsa yomweyo mpaka dontho lomaliza. Langford naye anatero chaka chimenecho.

Amati tsoka silinunkha. Ili linanunkha masabata atatu athunthu. M'mawa galimoto inkavuta kulira. Pokwera gombe la mtsinje inkanjanja, ndipo akaponda moto inkatsamwa ngati mwana wodya mothamanga. Akaima pang'ono, yazima yokha. Langford ankadziwa kuti sefa ya petulo yatsekeka. Ankaichotsa, kuiuzira ndi pakamwa, kuibwezera, mawa lake zomwezo. Ina yatsopano panalibe. Tsiku lina zinamukwana, anathyola minga ya mthethe n'kuiboola sefayo. Galimoto inayenda bwino sabata yonse. Mwini wakeyo ankadziwa ndithu kuti zinyalala zonse tsopano zikuthera m'kabuleta, koma anati adzatsuka ntchito ikachepa.

Ntchito isanachepe, njati inapha Japhet. Japhet anali gemu wa pakampupo, komanso mlongo wake wa Alice, mkazi wa Langford. Uthenga unatsogola pa wailesi kupita kwawo ku Nsefu kuti akumbe manda. Thupi analikulunga mumphasa n'kuliika kumbuyo. Anakwera Ennie, mkazi wa malemuyo, ndi gemu wina dzina lake Silas.

Cha m'ma 11 koloko anafika pa mtsinje wouma, kutali ndi mudzi uliwonse. Galimoto inalowa mumchenga, inatsokomola kawiri, basi zii. Langford anamasula kabuleta, kuuzira mpaka milomo kung'ambika ndi petulo. Inalira, inayenda mapazi khumi, inazimanso. Anamasulanso. Manja ankachita changu, maso osaona kanthu. Dzuwa la Okutobala m'chigwa muno silisekera munthu, wamoyo kapena wakufa. Ennie anakhala kumbuyo akuingitsa ntchentche ndi mpango wake.

Tsiku lachiwiri masana Silas anaitanira Langford pambali.

"A Chulu, munthuyu sangadikirenso. Kumunyamula awiri sitingafike."

Langford anapita kwa Ennie. "Alamu, mwamva."

"Ndamva, alamu," anatero Ennie. "Kumbani."

Anakumba pansi pa mtengo wa tsanya, ndi fosholo yofukulira matayala mumchenga. Silas anapemphera mwachidule. Pamwamba anaunjikapo miyala ndi minga kuti afisi asafukule. Langford anadikira kuti chisoni chimugwire, koma sichinabwere. Chimene ankamva ndi ludzu basi.

Atatha anabwerera ku galimoto. Panalibenso chothamangira, ndiye anayala malaya ake pamchenga, n'kumasula kachitsulo kalikonse mofatsa. M'kabowo kena anapezamo kadzimbiri kochepa ngati mutu wa nyerere. Anakatokosa ndi kawaya. Atapotokola kiyi, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, bwinobwino, ndipo sinatsokomolenso njira yonse.

Langford anagwirabe ntchitoyo zaka zina sikisi. Sefa ankatsuka Loweruka lililonse, mosaphonya. Pamtsinje uja ankadutsa kawiri pamwezi, osaima, osayang'ana kumbali. Alice sanamufunsepo chilichonse. Chimene Langford sankachinena kwa munthu ndi mmene anafikira pamudzi tsiku lija.

Anapeza anthu adzaza, manda atakumbidwa dzulo lake. Azimayi anayamba kubuma poona galimoto, kenaka kulira kunazilala pamene amuna anasuzumira kumbuyo n'kupeza mulibe kanthu. Langford anatsika, injini osazimitsa, poopa kuti mwina siiliranso. Apongozi ake, amake Japhet, anabwera n'kukhala pansi chapatali, atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wa pachipongozi.

"Atate, mwana wanga mwamusiya kuti?"

Langford ananjuta. "Pamtsinje wouma, amayi. Galimoto inafa."

Mayiwo anatchera khutu ku injini.

"Nanga iyi ikulirayi ndi ya yani?"