Ndinapereka Galimoto ya Mwana Wathu Bambo Ake Asakudziwa

Inu owerenga, chimene ndinachita anthu anachiombera m'manja kutchalitchi, koma chinali cholakwa, ndipo chandipasulira banja la zaka makumi atatu. Ndinapereka galimoto ya malemu mwana wathu ku bungwe lothandiza odwala, bambo ake ali kumudzi, osawauza ngakhale liwu limodzi. Ndikulemba izi kuti wina asadzapuse ngati mmene ndinapusira ine.

Ndine nesi, ndimakhala ku Armadale kuno ku Perth, m'dziko la Australia. Tinachoka ku Lilongwe mwana wathu mmodzi yekhayo, Tadala, ali wamng'ono. Anakulira konkuno, anaphunzira zokonza makina a m'migodi, ndipo ntchito inamuyanja. Anzake akugula nyumba, iye anakagula galimoto. Ndikati galimoto musaganize yopitira kumsika ayi. Inali ya mipando iwiri yokha, yotsika ngati ikukwawa, m'kati muli zitsulo zopingasa, yopanda wailesi, yopanda ngakhale poika thumba la mpunga. Ankati zinapangidwa zowerengeka dziko lonse lapansi, ndipo ntchito yake inali kuthamanga pabwalo la mipikisano. Ine ndinkaitcha bokosi la maliro lokhala ndi matayala, ndipo ndinkanena dala iye akumva.

Bambo ake ndiwo anaikonda kuposa mwini wake. Ndi munthu wosalankhula, woti mungaswere naye tsiku lonse osamva mawu khumi. Koma Loweruka likakwana, iwo ndi mwana wawo ankatsekeredwa m'galaja, masipanala ali mbwee pansi, manja ali bii ndi oilo. Kamodzi pamwezi ankaikweza pangolo n'kupita nayo kubwalo lina kumpoto kwa mzinda. Ine sindinapondeko ngakhale kamodzi. Ndinkati ovulala ndimawaona okwanira kuchipatala, sindingapite kukaonerera mwana wanga akudzipha.

Galimotoyo sinamuphe. Chinamutenga ndi khansa ya m'magazi, pasanathe chaka chiipezereni.

Tinanyamula thupi kukaika kwathu, kwa amayi anga. Patatha masabata atatu ndinabwerera kuntchito. Bambo a Tadala anatsalira miyezi iwiri kuti asamale mayi awo, amene imfa ya mdzukulu inawagwetsa mphwayi.

Ndinapezeka ndekha m'nyumba. Chitseko cha galaja chili kukhitchini, ndiye m'mawa uliwonse ndikamawiritsa tiyi fungo la oilo ndi matayala linkandipeza. Ndikasuzumira, chisoti chake chili pampando pomwe anachisiya. Ndinene zoona, sichinali chisoni chokha. Ndinkaida galimoto ija ndi mtima wanga wonse. Inandilanda mwana akadali moyo, masiku onse a Loweruka amene akanakhala nane anathera pa iyo, ndipo tsopano iye wapita, iyo yatsala ili nyezinyezi ngati palibe chachitika.

Ndinaimbira foni achimwene anga aakulu, malume ake a Tadala. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo katundu wa malemu amagawa ndi eni mbumba. Atandimvera anati, "Chemwali, chinthu chikukudwalitsanicho chichotseni. Alamu ndi akamwini, alibe mawu pa katundu wa mwana wa mbumba yathu." Abale inu, achimwenewo galimotoyo anali asanaionepo, galaja yathu sakuidziwa, koma anandiuza zimene ndinkafuna kumva. Ndipotu mapepala anali m'manja mwanga. Tadala akudwala analemba ine kuti ndidzayendetse za katundu wake, poti m'nyumba mwathu za mapepala ndinkatha ndine. Mwambo unali kumbali yanga, lamulo kumbali yanga. Ndinadziona wolungama.

Panali bungwe lina limene linatigwira dzanja Tadala ali m'chipatala, limapezera malo ogona mabanja a odwala ochokera kutali. Ndinawauza kuti ndikuwapatsa galimotoyo kuti akaigulitse pa okushoni, pomwe ogula amapikisana mitengo, zopezekazo zithandize ena. Anthuwa ndisawanamizire, anachita zonse mwadongosolo. Mayi amene ankalemba mafomu anandifunsa kawiri konse ngati banja lonse lagwirizana. Kawiri konse ndinati inde, maso ali gwa.

Anatumiza amuna awiri Lachiwiri m'mawa ndi lole. Amuna awiriwo anaizungulira mwaulemu, akunong'onezana, n'kuikweza pang'onopang'ono. Madzulo a tsiku lomwelo bambo a Tadala anaimba foni kundikumbutsa kuti ndiziliza injini kamodzi pasabata kuti batire isafe. Ndinati chabwino, ndiziliza. Kenako ndinatenga tsache n'kukasesa m'galaja.

Galimotoyo inagulidwa ndi munthu wina wa kum'mawa kwa dziko lino, wosonkhanitsa galimoto zosowa. Nkhani inafika kutchalitchi, abusa anailengeza, amayi anaimba nthungululu. Ine ndinaimirira n'kuwerama modzichepetsa. Ha, kudzichepetsa kwake kuti!

Amuna anga ndinakawatenga ndekha kubwalo la ndege. Njira yonse ndinkati ndiwauze, koma ndinkangowafunsa za kumudzi. Titafika anaika chikwama pakhomo, osakhala n'komwe pansi, n'kulunjika kugalaja. Anapeza simenti yosesedwa bwino ndi banga la oilo pakati. Ine kumbuyo kwawo ndinayamba kulongosola ndi mawu anga a kuchipatala aja, za odwala amene athandizike, za achimwene, za mwambo. Sanatembenuke. Anangofunsa kuti, "Kakhadi ka m'kamera munachotsa?"

Sindinkadziwa n'komwe kuti munali kamera. Zonse ndinazimva kwa iwo tsiku limenelo.

Inali yomangirira pa zitsulo zija, kumbuyo kwa mipando, ndipo inkajambula zithunzi ndi mawu nthawi zonse akamathamanga. Tsono mumve ichi. Tadala, monga ana ambiri okulira kuno, Chichewa ankamva koma ankayankha m'Chingerezi kuyambira ali ku pulayimale. Ndinalimbana naye mpaka ndinatopa. Koma m'galimoto muja, atavala zisoti, injini ikubangula, ankalankhula ndi bambo ake Chichewa. Zinayamba ngati nthabwala, akuti ankakuwa kuti, "Gwiritsitsani ababa, tikukhota!" Kenako zinazolowereka. Chichewa chake chopindikapindika chomwecho ankawafunsa za ubwana wawo, ankawaseka akachita mantha, nthawi zina ankaimba. Ulendo wawo womaliza unali patangotha masabata awiri madokotala atatiuza za matendawo. Tsiku limenelo anaimitsa galimoto pambali n'kuuza bambo ake kuti akuopa kufa. Ine, mayi wake, nesi, sanandiuzepo zimenezo.

Zonsezo zinali pa kakhadi kaja. Amuna anga sanakakopere pena paliponse. Anati analibe mphamvu zomvetsera, ndiye anakasiya pomwe mwana anakasiya, kuti tsiku lina mtima ukadzalimba adzakhale pampando wawo uja n'kumvera.

Kalanga ine! Ndinaimba mafoni ngati wamisala. A bungwe aja anayesetsa. Anandiuza kuti okonza galimoto isanapite pa okushoni amafufuta zonse za m'kamera, kuteteza zinsinsi za mwini wakale. Wogulayo anali munthu wachifundo, kakhadiko anatitumizira pa positi. Tinapita nako kwa akatswiri awiri a makompyuta. Munalibe kanthu. Palibe amene analakwa pamenepo, aliyense anagwira ntchito yake. Wonama ndinali ine.

Bambo a Tadala sanandimenye, sananditukwane. Mwina zikanakhala bwino akanatero. Ankadya, ankapita kuntchito pa sitima, ankabwera, ali duu. Akuluakulu a kutchalitchi anayesa kutikhazika pansi. Achimwene anga pafoni anadabwa kuti munthu wamkulu angakwiye chonchi chifukwa cha galimoto. Patatha miyezi itatu amuna anga analongedza zovala zawo n'kukapeza chipinda ku Ellenbrook, mbali ina ya mzinda uno. Potuluka anandiuza mawu amodzi okha, kuti sindinawayese bambo wa mwana uja. Zinali zoona.

Inu owerenga, kupereka n'kwabwino, ndipo ndikudziwa kuti pali mabanja amene agona pabwino chifukwa cha galimoto ija. Koma mphatso yanga sinachoke mu chifundo. Inachoka mu nsanje, ndinangoiveka malaya a chifundo. Ngati mwaferedwa, musathamangire kuchotsa katundu wa malemu misozi isanaume. Chimene chikukubayani inu mwina ndi chimene chikumuimiritsa mnzanu. Musakafunse wa kutali chifukwa mukudziwa kuti akuvomerezani, kusiya amene munalera naye mwana, amene anasinthana nanu kugona pampando wa m'chipatala. Mwambo wa kwathu sunaikidwe kuti tizibisalamo tikafuna kupweteka anzathu. Ndipo akakufunsani ngati onse agwirizana, mtima wanu ukagunda, imani pomwepo.

Mwezi wathawu bambo a Tadala anandiimbira foni masana, koyamba chichokereni. Ndinathamangira panja pa wodi, ndikuganiza kuti mwina akubwerera. Anandipatsa moni mwaulemu ngati mlendo. Kenako anati mawu a Tadala ayamba kuwatayika m'mutu, akayesa kuwakumbukira akumangomva injini. Anandipempha kuti ngati ndikukumbukira mmene mwanayo ankatchulira kuti "ababa", ndiwatchulireko kamodzi kokha.

Ndinagwira foni ija, anzanga akudutsa ndi odwala. Sindikanatha. Chikulireni, ine sindinamumvepo akutchula.