Nkhope Zimene Ndinaponya Pamoto

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi simenti ya m'nyumba ya mkulu wanga ku Kafue Estates. Amayi a kwaya anali atasasa mawu. Panja alamu anga, mwamuna wa malemu mkulu wangayo, ankawodzera pa sofa imene tinatulutsa, atafunda bulangete la mkazi wawo. Ndinakoleza moto wa madiramu, ndipo dzuwa la Okutobala linatuluka litakwiya kale.

Mkulu wanga ankaphunzitsa kujambula kusekondale. Ankaika patebulo nsapato yakutha, botolo kapena nsomba youma, n'kuuza ana kuti ajambule chimene akuona, osati chimene akuganiza. Mwana akajambula botolo langwiro pamene lenilenilo n'lobenthuka, ankamubwezera pepala. Lachisanu ankakhala iye mwini pampando kuti amujambule.

Dzuwa litakwera, bwalo linadzaza: akutchalitchi, aphunzitsi, anzawo a alamu akufakitale. Aliyense wofunsa za imfayo tinkamuyankha chimodzimodzi, kuti inali BP. Kenako anafika ana a kalasi yake, ali m'yunifolomu. Mtsikana wina wamtali anandipatsa envelopu yaikulu.

"Ba aunty, ise sitinabwere na maluwa. Tifuna kufaka izi pamanda ya ba madam."

Ndinakatsegulira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi moto. Zinali nkhope za mkulu wanga zojambulidwa ndi pensulo, iliyonse ndi tsiku lake pakona. Apa diso lakumanzere lotupa. Apa mlomo wong'ambika. Pena mpango pakhosi, zipsera za zala zikuonekera pamwamba pake. Anawo sanakongoletse kanthu. Ine nkhope zonsezo ndinkazidziwa. Kawiri anathawira kwanga, kawiri ndinamubweza ndekha kwa mwamuna wake, ndikumuuza kuti ukwati ndi kupirira.

Azakhali anasuzumira paphewa panga. Sanadabwe.

"Ufuna kuononga maliro? Faka pamoto."

Ndinaponya. Mapepala sachedwa kupsa. Nshima imene anthu anadya pochokera kumanda inaphikidwa pamoto womwewo.

Tinanyamuka pa malole ndi maminibasi, fumbi lili koboo. Kumanda ndinatsogola nditanyamula chithunzi cha tsiku la ukwati wake, nkhope yosalala ngati ya khanda. Alamu analira mpaka amuna awiri kuwagwirira, ndipo ndiwo anaika nkhata yoyamba. Anthu ankanong'ona kuti ameneyu ankamukondadi mkazi wake. Ataitanidwa ana asukulu, onse anandiyang'ana. Ndinaweramitsa mutu. Anapita pamtumbira chimanjamanja, kupatula mtsikana wamtali uja, amene anatsamira mtengo akulemba kuseri kwa pulogalamu. Pokwera minibasi anandipanikiza pepalalo m'dzanja.

Madzulo anthu anabalalika, matenti anapasulidwa, sofa inabwerera m'nyumba. Ndinakhala m'khitchini ndekha n'kufunyulula pepala lija. Ndinali ine, nditagwada pamoto, nkhope ya mkulu wanga ili m'dzanja langa, ngodya imodzi itagwira kale lawi. Anajambula duku langa lopendekeka ndi chipsera changa cha pachigongono. Mutu ndinali nditautembenuzira kumbali, maso nditatsinzina. Sindikumbukira kuti ndinatsinzina, koma mwanayo anaphunzitsidwa bwino, sakanajambula chimene sanaone. Ndinachita manyazi amene mpaka lero sanathe.

M'chipinda chochezera alamu anatsokomola.

"Mulamu, yasalako nshima?"

Ndinapinda pepala, n'kulibisa m'chitenje. Ndinawatengera madzi osamba m'manja.