Uta wa Mapaundi Sevente

Chimene chinandinamiza ndi thumba la feteleza. Ndili mnyamata ku Mponela ndinkalinyamula paphewa, makilo 50, kuchoka pamsewu mpaka kudimba osatula. Ndiye tsiku limene wogulitsa mauta m'sitolo ina kufupi ndi kwathu ku Lawrence, dera la ku Indianapolis kuno kutsidya kwa nyanja, anandifunsa kuti ndikufuna uta wolimba mapaundi angati, ndinawerengera m'mutu msangamsanga. Mapaundi 70 ndi makilo ongopitirira 30 pang'ono. Ndinatsala pang'ono kuseka.

Iye anati kwa munthu woyamba kumene, uta wa pakati pa 40 ndi 50 umapha gwape bwinobwino. Anandiuza kuti ndikhale pampando ndiyese kukoka waukuluwo. Ndinakana mpando. Ndinaimirira, n'kutangadza miyendo, n'kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, chingwe n'kufika patsaya.

Mkazi wanga anandinong'oneza kuti, "Bambo a kunyumba, nkhope yanu mwaiona? Tengani wocheperawo."

Ndinatenga wa pakati pa 60 ndi 70, n'kuuza wogulitsayo kuti aumange mpaka kumapeto.

Zonsezi anayambitsa ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, a ku South Bend. Iwo ankasaka m'munda mwa mlimi wina mnzawo, ndipo tikakumana sankandipatsa mpata: "Alamu, inu nyama mumasaka ku friza basi." Pakamwa panga panandipachika. Ndinalengeza pagulu, titatuluka m'tchalitchi, kuti pa Thanksgiving, phwando lothokoza la kumapeto kwa Novembala, chaka chimenecho Amalawi adzadya gwape wanga. Ndinagula mbereko mwana asanabadwe.

Novembala atafika tinakhala awiri, ine ndi alamu, m'kachisakasa m'mphepete mwa munda wa chimanga chokolola kale. Kuzizira kwake kunali kolowa m'mafupa. Ndinali nditavala majekete ophatikiza, nditakhala pakampando, mapewa atauma gwa. Kutayera, gwape wamkazi anatulukira pafupi kwambiri moti ndinkaona nthunzi ya m'mphuno mwake.

"Ndi wanu uyo, drowani pang'onopang'ono," ananong'ona alamu.

Ndinakoka. Chingwe chinabwera theka n'kukana. Ndinaloza uta kumwamba, ndinabuula ngati ndikuzula chitsa, kenako m'phewa lamanja munangoti tswa! Muvi unagwera pa nsapato zanga. Gwapeyo anandiyang'ana, n'kutembenuka, n'kumapita. Sanathamange n'komwe.

Ndinadikira kuti alamu andiseke. Akanandiseka bwenzi ndikusekanso nawo, nkhani n'kuthera pompo, paja chilamu n'chomwecho. Koma anatola muviwo, n'kuupukuta matope, n'kundifunsa ngati phewa likupweteka. Njira yonse yobwerera ankakamba za matayala a galimoto. Chisoni chawocho chinandipweteka kuposa phewa.

Pa Thanksgiving nyumba yawo inadzaza, ena ochokera ku Indianapolis ngati ife. Patebulo panali nyama ya gwape yootcha, yomwe alamu anapha okha sabata yotsatira ine nditabwerera. Bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo, anaidya n'kugwedeza mutu.

"Ndiye mlenje wathu ndi uti? Si inu munalonjeza?" anatero akundiloza ndi foloko.

Alamu anandiyankhira: "Woyamba kumuona gwape anali alamu angawa."

Sananame. Koma anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu, ndipo ine, wamkulumkulu ndi ndevu zanga, ndinamwetulira n'kulandira. Ndinachita manyazi, koma sindinawakonze.

Anandiikira nthuli yaikulu kuposa onse, ati ya mlenje. Ndinagwira mpeni, koma dzanja lamanja silinkatha kukanikiza, phewa linali lisanapole. Ndinayesa ndi lamanzere, nyama n'kumaterera m'mbale. Mkazi wanga sanandiyang'ane kumaso. Anakoka mbaleyo, n'kuiduladula nyamayo tizidutswa ting'onoting'ono ngati mmene ankachitira ndi ya mwana wathu, n'kundibwezera, anthu onse akuona.