Chithunzi cha Amayi Ali pa Eda

Bambo atamwalira, amayi analowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala panyumba. Iwo ankausunga mwambowu mopyola muyezo: ngakhale pakhonde sankapondapo.

Mwezi wachiwiri kunabwera kalata ya achimwene, amene ankagwira ntchito kumigodi ku Joni. Wina anali atawauza kuti amayi aonda, sakudya. Analemba kuti akapanda kuona chithunzi chawo, asiya ntchito, abwere ngakhale wapansi. Tonse tinkadziwa kuti akanaterodi.

Wojambula ndinali ine. Ndinali ndi kamera yakale yochokera kwa kalaliki wina wopuma, komanso buku la Chingerezi lopanda chikuto, limene ndinaliwerenga katatu chala chikutsogolera. Fulashi ndinalibe, ndipo mufilimu munatsala malo a chithunzi chimodzi chokha.

Bukulo linkati pamalo amdima diso la kamera liyenera kukhala chotsegula kanthawi ndithu, koma dzanja likangogwedezeka, munthu amatuluka ngati utsi. Linkalangiza kugula choimikapo cha miyendo itatu. Wolemba bukulo zikuoneka kuti kwathu ku Mwadzama sanafikeko.

Dzuwa lili paliwombo ndinatsegula kazenera kathabwa, amayi n'kukhala pamkeka pamene kuwala kunkagwera, mikanda yawo yopempherera ili m'manja. Ndinakweza kamera, n'kudzaza mpweya m'chifuwa. Manja anayamba kuvina okha.

"Iwe, ndi malungo?" anafunsa amayi.

"Ayi amayi, ndikutsata buku."

"Bukulo likuti uzinjenjemera?"

Ndinatsitsa kamera, iwo n'kupitiriza.

"Sunandionepo ndikulowetsa ulusi pasingano? Zigongonozo panikiza kunthiti. Tsamira khoma. Mpweyawo usausunge ngati wosambira pansi pa madzi. Utulutse, ukatha ndiye uchite zakozo."

Ndinatsamira khoma, n'kumata kamera pachipumi. Ndinatulutsa mpweya wonse, kenako n'kudina pang'onopang'ono ngati munthu woyesa papaya ngati lapsa. Kamera inati tswi, n'kukhala chete, n'kudzati tswi.

Filimu ndinakaitsukitsa ku Lilongwe, khadi ya chipani ili m'thumba kuopa kutsitsidwa basi. Nditalandira envelopu ndinayamba ndakhala pansi. Nkhope ya amayi inatuluka yonse, khwinya lililonse, maso akundiseka. Analidi ataonda pang'ono. Koma dzanja lawo lamanja linali utsi wokhawokha. Ine ndinali nditaiwala kuwauza kuti asiye kaye kuyendetsa mikanda.

Ndinkafuna kuchibisa, poti buku likanati chithunzi chawonongeka. Amayi anachiyang'anitsitsa nati, "Tumiza. Mbale wako sawerenga mabuku ako."

Yankho linafika eda itatha kale. Achimwene analemba kuti ataona dzanjalo mtima unakhala pansi, chifukwa mayi wodwala sangathamangitse mikanda chotero. Anakhala mpaka kontilakiti yawo inatha.

Ndajambula anthu ambiri chichokereni nthawi imeneyo. Mpaka lero ndikakweza kamera m'nyumba yamdima, zigongono zimapita zokha kunthiti. Bukulo linadyedwa ndi chiswe.