Achimwene Anga Owerengera Mabowo

Achimwene anga mukawaona koyamba mungawakonde. Malaya osita bwino, zikhadabo zoyera mbee, ndipo akamapereka moni amagwira dzanja la munthu nthawi yaitali ngati akupempha voti. Ine sangandipusitse, ndinakula nawo. Tili ana, akandituma kugolosale ankati ndibwereko madzi a tiyi asanawire, chifukwa iwo ankawerengera kugulako kokha. Kuyenda kwanga, kuima pamzere, kupuma wefuwefu pobwerera, zimenezo kwa iwo sizinali nthawi.

Atakula anapeza ntchito yowayenera ndithu. Pafakitale pomwe amagwira pali makina a CNC, chimakina chotsekeka ngati kabati, choyendetsedwa ndi kompyuta, chimene chimaboola mabowo ambirimbiri pazitsulo. Kasitomala akabwera ndi zitsulo zake, achimwene ndi amene amanena kuti ntchitoyo itenga nthawi yaitali bwanji. Ndisawanamizire, masamuwo amawatha. Amaona kuya kwa bowo ndi liwiro limene choboolera chimalowera m'chitsulo, n'kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa mabowo. Amawonjezerapo nthawi yoti choboolera chidumphe kuchoka pabowo ili kupita pa linalo, yoti chituluke kutaya zinyenyeswa n'kulowanso, mpaka yoti makina asiye choboolera chaching'ono n'kutenga chachikulu. Makina akangophethira, achimwene awerengera kale. Anzawo anawapatsa dzina loti a Sekondi, ndipo eniake amalinyadira.

Woyendetsa makinawo anali amuna anga. Ntchitoyo anawapezera ndi achimwene omwewo, ndipo sankalola kuti tiiwale.

M'makina amenewa mumayenda madzi oyera ngati mkaka, oziziritsa choboolera. Amatsikira m'thanki yapansi, pampu n'kuwakwezanso, kumangozungulira choncho. Akakhalitsa amawola. Pamafunika kuwataya, kukwecha thanki, kuthiramo atsopano, ndipo pochita zimenezi makina amaima theka la tsiku. Theka la tsiku limeneli m'masamu a achimwene munalibe. Mabowo a kasitomala uyu akamatha, zitsulo za wina zinali zitafika kale pakhomo.

Ine fakitaleyo ndinkaidziwira m'beseni. Ndikaviika ovolosi ya amuna anga, madzi ankasanduka otuwa, mafuta ali yandayanda pamwamba, fungo la mazira owola guu pakhonde ponse. Aneba ankatseka mawindo mwakachetechete, zomwe zinkandipweteka kuposa akanandinena. Tsiku lina nditawapititsira chakudya ndinasuzumira m'thankimo. Ndinalakwa. Pamwamba panali chinthu chonanda, chabulauni, chotukusira thovu, ndipo pakona pankayandama zotsalira za ndudu ndi makhololo a munthu. Ndinathamangira kuseri kwa geti n'kukasanza. Ndiye tangoganizani, amuna anga ankapisa manja m'zimenezo tsiku lonse, pochotsa chitsulo, poyeza mabowo, pokokola zinyenyeswa. Magolovesi ankang'ambika dzuwa lisanakwere n'komwe.

Zinayamba ndi kuyabwa pakati pa zala. Kenako matuza, kenako khungu linang'aluka mopindikira zala monse n'kumachucha madzi. Mwana wathu wamkazi, amene ankathamangira kumsewu kuti bambo ake amunyamule, anayamba kubisala kumbuyo kwanga. Kuchipatala adokotala sanazungulire. Anati madziwo akapanda kusinthidwa, ntchito ya makina aiiwale, chifukwa manjawo atha.

Amuna anga ndi aja osafuna kukangana ndi munthu. "Asiyeni achimwene anuwo, mayi a mwana, ndi amene anatipezera ntchito," ankatero, manja atawaika pamaondo ngati si awo. Ine sindinawasiye. Ndinakwera kuofesi ya achimwene, kachipinda ka magalasi komwe fungo silifika.

"Achimwene, m'masamu anuwo ikanimo nthawi yotsuka thanki. Manja a alamu anu akutha."

Sanachotse maso pakompyuta. "Chemwali, iwe izi sungazimvetse. Ine ndimawerengera nthawi ya makina. Kutsuka thanki si kuboola. Kasitomala ndikamuuza kuti chiyani?"

"Nanga manjawo?"

"Azidzola mafuta. Komanso alamu aja khungu lawo ndi lanthete, ena onse agwirapo bwinobwino."

Ndinawayang'ana, munthu wa bere limodzi ndi ine. Munthu wodziwa nthawi imene kachitsulo kamatenga kudumpha pakati pa mabowo awiri sakanalephera kuona manja akuwola pansi pa windo lake. Ankaona. Kungoti analibe powalemba.

Mapeto ake zala za amuna anga zinakana kupindika. Sipanala inayamba kupulumuka m'manja, ndipo abwana anawauza kuti akapume kaye kunyumba, mawa lake n'kuikapo munthu wina. Sipanatenge nthawi, chonanda chija chinatseka pampu, madzi anasiya kutuluka, choboolera chinapsa n'kuthyokera m'chitsulo cha kasitomala wamkulu. Thanki inatsukidwa tsiku lomwelo. Eee, tsiku lomwelo, achimwene ataimirira pambali, mpango uli pamphuno.

Lamlungu anabwera kwathu akununkhira perefyumu. Ndinawathirira tiyi poti mlendo ndi mlendo.

"Ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero akukhala pampando. "Nthawi yotsuka thanki ndaiikamo tsopano, mwezi uliwonse. Pampu ija ndi yosalimba, sitingamaiseweretse."

Anandiyang'ana akudikira zikomo. Nthawi yomweyo amuna anga anatuluka kuchipinda, ndipo mwaulemu wawo uja anatambasula dzanja kuti apereke moni. Achimwene analiyang'ana dzanjalo, mabala ali ng'aa. Munthu amene sataya dzanja la mnzake mpaka mnzakeyo atatopa, anangotsina nsonga ya mkono wa malaya a amuna anga ndi zala ziwiri.

"Muchire msanga, alamu," anatero, kwinaku akupukutira zalazo pathalauza.

Amuna anga anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kulibisa kumbuyo. Ine ndinanyamula kapu ya achimwene ija asanaikhudze, ndinakataya tiyiyo m'ngalande momwe ndinkatayira madzi a ovolosi, ndipo pochoka sindinawaperekeze.