Lilime la Rua

A Fintan Hession anali mnansi wathu ku Aughrim. Sanakwatire, ndipo ankakhala ndi mchemwali wawo, a Attracta, pamunda wamiyala umene makolo anawasiyira. Ankaweta nkhosa, koma mtima wawo unali pa akavalo, ndipo dera lonse linkadziwa kuti munthuyu sanama pogulitsa chiweto.

Kavalo wawo wamkazi, Rua, anamugula kwa munthu wina amene ankamukoketsa ngolo atamuika m'kamwa chitsulo chowongolera kavalo chopotedwa ngati waya. Lilime linali litachekeka mpaka pakati. A Fintan anamudyetsa gaga wonyowetsa kwa miyezi isanu mpaka bala linapola, koma mantha sanapole. Chitsulo chikangomugunda mano, Rua ankaima ndi miyendo yam'mbuyo. Choncho anamusokera zingwe zakumutu zogwira pamphuno pokha, zopanda chitsulo, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu kavaloyo anayenda mofatsa ngati ng'ombe yamkaka.

A Fintan atadutsa zaka makumi asanu ndi awiri, fupa la m'chiuno linayamba kuwavuta. Dokotala anati akawachita opaleshoni, za akavalo aiwale. A Attracta nawo analibe mphamvu zonyamula udzu. Mu Okutobala anakweza Rua m'ngolo yokokedwa ndi galimoto kupita naye kumsika wa akavalo ku Ballinasloe.

Tsikulo kunkawaza mvula, ndipo bwalo lonse linali matope okhaokha. Mayi wina wa ku Mayo anamukonda kavaloyo, koma anafunsa chifukwa chake alibe chitsulo. A Fintan anatsegula kamwa la Rua n'kuwaonetsa chipsera. Mayiyo anathokoza n'kumapita. Wachiwiri anali wogula n'kugulitsa, munthu wapakamwa.

"Madala, kavalo wopanda chitsulo ndi galimoto yopanda mabuleki," anatero mokweza. "Kapena mukufuna ndizimuimitsa ndi pemphero?"

Anthu anaseka. Pofika masana mwendo wa a Fintan unali utauma, ndipo amuna awiri ogula akavalo okapha anali atadutsa katatu, akumuyeza Rua ndi maso.

"Achimwene," anatero a Attracta, "mukapitiriza kuonetsa aliyense lilimelo, amutenga ndi a nyama aja. Muikeni chitsulo kwa ola limodzi lokha."

A Fintan anakana kawiri. Kachitatu anapita kukabwereka chitsulo chosalala kwa mnzawo. Anachifunditsa m'manja, akulankhula ndi kavaloyo chapansipansi. Rua ananjenjemera, thukuta linatuluka m'khosi, koma poti dzanja linali la mbuye wake, anatsegula kamwa. A Fintan anamuyendetsa uku ndi uku osakoka zingwe ngakhale pang'ono.

Amene anamugula anali a Cathal Devaney, mphunzitsi wa ku Loughrea, amene ankafunira kavalo akazi awo, a Oonagh. Za akavalo sankazidziwa kwenikweni. Anagwira miyendo, anayang'ana mano akutsogolo, kenaka anafunsa ngati pali vuto lililonse. A Fintan anangoti ndi wofatsa, asamamukoke kwambiri. Anaombana m'manja, malonda n'kutha. Pokweza Rua m'ngolo ya a Devaney, a Fintan anaponyamo zingwe zapamphuno zija, koma sanafotokoze ntchito yake.

Patapita masiku asanu ndi anayi, a Oonagh anakwera Rua m'mphepete mwa msewu, chitsulo chili m'kamwa mwake. Lole inatulukira pakona, iwo n'kukoka zingwe monga aliyense akanachitira. Rua anaima ndi miyendo yam'mbuyo n'kugwa chagada, mayiyo ali pansi pake. Msana unathyoka, ndipo madokotala anati sadzayendanso. Kavaloyo anathyoka mwendo, dokotala wa ziweto n'kumuombera m'ngalande momwemo.

Uthenga unawapeza a Fintan potuluka m'tchalitchi. A Attracta anawapempha kuti akhale chete, poti palibe amene akuwaloza chala, ndipo kavalo aliyense amatha kudzidzimuka ndi lole. Koma mawa lake m'mawa a Fintan anabwera kwathu atavala jekete ya Lamulungu n'kundipempha kuti ndiwaperekeze ku Loughrea pagalimoto yanga.

A Devaney anatsegula chitseko ali ndi ndevu za masiku angapo. A Fintan anavula chipewa n'kufotokoza zonse ataimirira pakhonde: za lilime, za zaka zisanu ndi zitatu zopanda chitsulo, za chitsulo chobwereka. Mphunzitsiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zingwe zija ndinaziona," anatero. "Ndinkayesa ndi zakale zotaya, ndiye ndinazitaya. Ndinakufunsani, bambo. Ndinakufunsani pamaso."

"Munandifunsa," anayankha a Fintan.

A Devaney anati za khoti alibe nazo mphamvu, koma mawu amenewo a Fintan akawanene okha kwa a Oonagh kuchipatala ku Galway. Kenaka anatseka chitseko.

A Oonagh anakana kuonana nawo. Komabe Lachinayi lililonse a Fintan ankakwera basi ndi ndodo yawo, n'kukakhala pabenchi panja pa wodi mpaka nthawi yoona odwala itatha. Anachita zimenezi kwa miyezi inayi, kufikira tsiku limene namwino anawauza kuti mayiyo amusamutsira ku Dublin.

Ku opaleshoni ya m'chiuno ija a Fintan sanapitenso. Ankati mwendowo auzolowera. Kumsika sanapondekonso, ndipo m'nyumbamo iwo ndi mchemwali wawo ankadyera patebulo limodzi osalankhulana kwenikweni. A Fintan anamwalira patapita zaka ziwiri, mu Febuluwale, atagwa m'khola la nkhosa. A Attracta anagulitsa mundawo chaka chomwecho n'kupita kukakhala kwa msuweni wawo ku Athlone.