Chimkuzamawu Chong'ung'udza

Magetsi atafika m'nyumba zathu za pa boma ku Mangochi, mlamu wanga wa ku Monkey Bay anatisiyira wayilesi, galamafoni ndi chimkuzamawu chachikulu. Ine ndinkangofuna nyimbo za kwaya. Koma tikayatsa, chimkuzamawucho chinkalira "mmmm" ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini.

Mankhwala ake anawatulukira ndi akazi anga. Tsiku lina akupukuta fumbi, opanda nsapato pasimenti, anakhudza chitsulo cha kumbuyo, phokoso lija n'kuti zii. Kuyambira pamenepo, tikaweruka ku tchalitchi ine ndinkamvera nyimbo nditakhala pampando, iwo chiimire, chala pachitsulo. Ankati, "Anzanga anakwatiwa, ine munandilemba ntchito."

Popeza chathu chinkamveka patali, tcheyamani wa nthambi ya chipani ankabwera ndi anthu pakhonde pathu mtsogoleri wa dziko akamalankhula pawayilesi. Sankapempha, ndipo sindikuwanena. Masiku amenewo kupempha kunali kwa ife ena.

Akazi anga atamwalira, msonkhano woyamba ndinagwira chitsulo ndekha. Kaya ndi nsapato, kaya dzanja langa louma, njuchi zija sizinandimvere.

"Bambo," anatero a tcheyamani, "mtsogoleri akulankhula, chinthu chanuchi chikung'ung'udza chiyani?"

"Ndi magetsi, a Tcheya."

"Magetsi a boma angang'ung'udze boma? Chikadzatero kachiwiri tichinyamula kupita nacho ku ofesi, inu mukachiyankhire."

Ku ofesi kuja anthu ankapita ndi miyendo yawo, koma si onse ankabwerako. Komanso m'nyumba monse, chinthu chomwe malemu ankachigwira kwambiri chinali chimenechi.

Ndinaitana a fundi okonza mawayilesi pafupi ndi msika. Anafika Lachisanu atachoka ku mzikiti, nakwawa pansi kutsatira nthambo. Anapeza kuti wayilesi ndinaibaya pabalaza, chimkuzamawu n'kuchikokera ku soketi ya kuchipinda. Anati magetsi akaona njira ziwiri zopitira pansi amangozungulira, ndiye kulira kwakeko. Anabaya zonse pamalo amodzi, natenga kawaya kakafupi, kosakwana chikhatho, n'kumanga kuchokera pa galamafoni kufika pachitsulo chija. Phokoso linatheratu.

"Achimwene, nanga zaka zonsezi mumamvera bwanji?" anafunsa.

Ndinawauza. Anayang'ana kawaya kaja kanthawi, kenako anakana tiyi, nakwera njinga yawo.

Msonkhano wotsatira mawu anatuluka oyera, mpaka tinkamva mtsogoleri akumeza malovu. A tcheyamani anagwedeza mutu mokondwa.

"Mawu okoma chonchi asamathere m'nyumba ya munthu mmodzi," anatero.

M'mawa mwake anyamata a chipani anabwera ndi wilibala. Ananyamula chimkuzamawu chija mwaulemu kwambiri, anachita kuyala chiguduli pansi. Loweruka, pabwalo la msonkhano, analengeza pa chimkuzamawu chomwecho kuti bambo wina wokonda dziko lake wapereka mphatso mwa kufuna kwake. Anandiuza kuti ndiimirire anthu andione. Onse anawomba m'manja, nanenso ndinawomba nawo.